Maloya a mawa akuphunzira kuteteza chilengedwe

Lamulo, ngakhale litalembedwa bwino, silingateteze mtsinje kapena nkhalango ngati palibe wolitengera kukhoti. N'chifukwa chake phunziro la malamulo a zachilengedwe ndi lofunika kwa ophunzira zamalamulo, monga a payunivesite ya Malawi ku Zomba.

Maziko a phunziroli ndi gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limauza boma kusamala chilengedwe poganizira mibadwo ya mtsogolo. Palinso lamulo la 2017 lomwe lidakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, komanso limapereka kwa aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo.

Chitsanzo chomwe aphunzitsi ndi ophunzira angazukute ndi nkhani ya mapulasitiki opyapyala. Boma lidawaletsa mu 2015, koma makampani owapanga adakatenga chiletso kukhoti. Mu 2019 bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera boma, komabe majumbo sadathe m'misika ndi m'ngalande za m'mizinda.

Apa wophunzira amaona kuti chigamulo chimafunanso woonetsetsa kuti chikutsatidwa, ndipo ntchito imeneyi ikudikira maloya odziwa bwino malamulowa.