Malamulo a intaneti: amalemba ndi anthu kapena makampani?

Uthenga wochoka pa foni ya itel kuno ku Nachisaka, wodutsa pa TNM kapena Airtel, umakafika bwinobwino pa foni ya Samsung ya m'bale wathu ku Johannesburg. Mafoni awiriwa anapangidwa ndi makampani opikisana, netiweki ndi zosiyana, mayikonso ndi osiyana. Chimene chimachititsa kuti amvane ndi mgwirizano wa miyezo. Tonse timaudziwa mgwirizano wotere pa malonda a soya ndi mtedza: kilogalamu ya pa Mponela iyenera kufanana ndi ya ku Lilongwe, apo ayi mlimi waberedwa. Makina nawonso ali ndi miyezo yawo, yonena mmene uthenga uyenera kudulidwira, kutumizidwira ndi kulumikizidwanso ukafika.

Ambiri timaganiza kuti miyezo imeneyi imakhazikitsidwa ndi boma linalake. Si choncho. Yambiri imalembedwa ndi gulu lotchedwa Internet Engineering Task Force, mwachidule IETF, lomwe linakumana koyamba mu Januwale 1986 ku San Diego, ku America, anthu ake ali 21 okha. Gululi lilibe khadi la umembala. Aliyense wofuna amalowa m'zokambirana, zomwe zambiri zimachitika pa imelo, ndipo zimene agwirizana zimasindikizidwa m'zikalata zotchedwa RFC. Zikalatazi zinapitirira 9,000 ndipo zimawerengedwa mwaulere.

Lamulo lalikulu la gululi ndi loti munthu amayankhula m'dzina lake, osati la bwana wake. Injiniya wa Cisco kapena Huawei akaimirira, mfundo yake iyenera kuyesedwa mofanana ndi ya mphunzitsi wa ku yunivesite kapena ya wophunzira. Savotanso. Wapampando akafuna kumva maganizo a anthu, nthawi zina amawapempha kuti ang'ung'uze kuti "mmm" milomo ili yotseka, iye n'kumamvetsera mbali imene yamveka kwambiri. Zikumveka ngati masewera a ana a sitandade 1, koma pali nzeru. Kukanakhala kowerenga manja, kampani yolemera ikanangotumiza antchito 200 kudzadzaza chipinda. Apa chofunika si kuchuluka kwa anthu. Chofunika n'choti aliyense amene wabweretsa chifukwa chomveka chokanira ayankhidwe mokwanira, ngakhale ali yekha.

Pamapepala zonsezi n'zokoma. Funso ndi loti, ndani ali ndi nthawi yokhala pa zokambiranazi?

Makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti mukuidziwa ntchito yongodzipereka. Tikamaumba njerwa za chipinda cha sukulu, aliyense ndi woitanidwa, koma amene amapezeka tsiku lililonse ndi amene kunyumba kwake kuli ufa ndipo kumunda kuli womugwirira. Ku IETF zilinso chimodzimodzi. Chikalata chimodzi chimatenga zaka kuti chithe. Misonkhano ikuluikulu imachitika katatu pachaka, sabata yathunthu, kawirikawiri ku Ulaya, ku North America ndi ku Asia. South America inalandira msonkhano woyamba mu 2016, ku Buenos Aires. Tikiti ya ndege, hotelo, viza ndi ndalama yolembetsera, zonsezi n'zoposa malipiro a mphunzitsi wa kuno a miyezi yambiri. Choncho ambiri mwa "ongodzipereka" amenewa amakhala akulandira malipiro ku makampani awo pa ntchito yomweyo. Munthu amabweradi m'dzina lake, koma ulendo walipira ndi wina.

Chitsanzo ndi njira yotumizira uthenga yotchedwa QUIC, yomwe foni yanu mwina imagwiritsa ntchito mukatsegula YouTube. Anaiyamba ndi mainjiniya a Google, n'kuiyesa pa makina awo. IETF inayamba kuikonza mu 2016, ndipo inatuluka mu Meyi 2021 ngati RFC 9000, itasinthidwa kwambiri ndi anthu a makampani ena ndi akatswiri oima paokha. Ine sindiona choipa pamenepa. Google inali ndi makina ndi anthu mamiliyoni oyeserapo, zomwe munthu payekha sangakhale nazo, ndipo chimene chikanakhala cha kampani imodzi chinasanduka cha aliyense. Chodandaulitsa ndi china: mavuto amene amapeza owasamalira ndi amene kampani ikuwamva. Netiweki yothawathawa kuseri kwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi, bandulo yotha msanga, foni yakale yokhala m'manja mwa banja lonse, zimenezi zimatchulidwa pokhapokha m'chipindamo mukhale wina amene amazidziwa.

A IETF eni ake amaliona vutoli. Anthu khumi a komiti yosankha atsogoleri amapezeka mwamaere pakati pa odzipereka, ndipo sipaloledwa anthu oposa awiri ochokera ku kampani imodzi. Mu 2020 anasindikiza RFC 8890, yolembedwa ndi Mark Nottingham, yonena kuti zofuna zikasemphana, zoyamba zikhale za anthu wamba ogwiritsa ntchito intaneti. Amenewo ndi ife.

Bungwe la Unicode Consortium, lomwe limapereka nambala kwa chilembo chilichonse kuti chizioneka chimodzimodzi pa makina onse, limayenda mosiyana. Kumeneko mavoti ali m'manja mwa mabungwe olipira umembala, monga Apple, Google ndi Microsoft. Zilembo za Chiarabu zili mmenemo, ndipo ŵ wa m'dzina loti Malaŵi ali pa nambala 373 (anthu a ku Wales nawonso amamugwiritsa ntchito). Ngakhale mavoti ndi a makampani, pempho angalembe aliyense. Mu 2016 Rayouf Alhumedhi, mtsikana wa ku Saudi Arabia wa zaka 15 yemwe ankakhala ku Germany, anapempha kuti pakhale kachithunzi ka mkazi wovala hijabu, chifukwa pa tizithunzi tonse ta pa foni panalibe komufanana. Anathandizidwa ndi anthu odziwa kalembedwe ka mapempho otere, ndipo mu 2017 kachithunziko kanalowa. Atsikana a Fomu 2, ameneyo anali msinkhu wanu.

Sikuti zonse zimafulumira chotero. Nolence Mwangwego anayamba kupanga zilembo zolembera ziyankhulo za m'Malawi mu 1979, n'kuzionetsa poyera mu 1997. Mu 2012 katswiri wina wa zilembo, Michael Everson, analemba pempho loti zilowe mu Unicode, koma pofika mu 2024 zinali zisanalowe. Kachithunzi kamodzi kofunidwa ndi anthu mamiliyoni ogula mafoni, makampani amakalandira msanga. Zilembo za dziko laling'ono zilibe phindu looneka, ndiye zimadalira anthu ongodzipereka kuti asonkhanitse umboni: mabuku osindikizidwa, makalata olemberana, ndi anthu amene akuziphunzitsa ndi kuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Umboni umenewu sungachokere ku California. Uli kuno.

Kwa ophunzira okonda masamu ndi kompyuta, khomo la IETF ndi lotsegula kuposa kale. Misonkhano yake munthu angathe kuitsatira ndi kuyankhulapo ali kwawo, ndipo amene sangakwanitse ndalama yolembetsera amaloledwa kulowa mwaulere pa intaneti akapempha. Chimafunika ndi Chingerezi chowerenga bwino, kuleza mtima, ndi bandulo yokwanira maola awiri a vidiyo, yomwe kwa mabanja ambiri a kuno ndiyo mbali yovuta. RFC 8890 ndi yaifupi, ndipo wa Fomu 4 angaiwerenge mothandizana ndi aphunzitsi ake madzulo amodzi.