Choso Amabwera Pakhomo Pamene Pali Maluwa ndi Akangaude

Ku Mayani, m'dera la Mfumu Yaikulu Tambala m'boma la Dedza, June akafika chisanu chimaluma ndipo udzu umauma. Nthawi yomweyi ndi pamene alovera wam'matanthwe amatulutsa maluwa ofiira, ndipo kambalame ka mlomo wautali wokhota kamafika kudzatsopa timadzi take. Kameneka ndi choso.

Ambiri amamusokoneza ndi hummingbird wa pa TV, koma ameneyo amapezeka ku America kokha, kumene kuli mitundu yake yoposa 300. Wakwathu kuno azungu amamutcha sunbird. Amatha kuyandama m'malere pang'ono chabe. Nthawi zambiri amatera pa duwa n'kumadya atakhazikika. Mwa mitundu yodziwika m'Malawi muli wina wa pamimba pachikasu ndi wina wakuda wa pachifuwa pofiira kuti psuu. Owala chonchi ndi amphongo. Aakazi ndi otuwa, moti munthu akhoza kuwapitirira.

Womufuna pakhomo ayambe ndi maluwa ooneka ngati kampope, ofiira kapena achikasu. M'dzinja chakudya chimakhala mbwee kuthengo, choncho khomo limene limakopa choso ndi lokhala ndi maluwa m'chilimwe. Alovera safuna kuthirira kawirikawiri, ndipo mphukira imodzi yopempha kwa mnansi imaberekana yokha. Nthochi zakuseri kwa bafa nazo zimathandiza, chifukwa duwa lake limakhala ndi timadzi tambiri.

Koma timadzi tokha sitilera ana. Choso amadyetsa anapiye ake tizilombo ndi akangaude, ndipo chisa chake, kathumba kolendewera ku nthambi, amachimanga ndi udzu wosalala n'kuchimata ndi ulusi wa kangaude. Apa ndi pamene alimi a tomato ndi mbatatesi ayenera kusamala: mankhwala akafika mpaka pa maluwa apakhomo, chakudya cha anapiye chimathera pomwepo.

Ena amapachika kabotolo ka madzi a shuga. Muyezo wake ndi supuni imodzi ya shuga woyera pa masupuni anayi a madzi owiritsa, osathira uchi kapena zopatsa mtundu. Madziwo asinthidwe pakapita masiku awiri, apo ayi amasasa n'kudwalitsa mbalame. Kunena zoona, ndi ntchito yotopetsa, pamene duwa limadzichitira lokha.

Chotsala ndi kulankhula ndi anyamata a legeni ndi ulimbo. Makolo awauze kuti choso amanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, ndipo kanyama kake sikakwana n'komwe mbamu imodzi ya nsima.