Thabwa la Gitala ndi Kaliridwe Kake

Mphunzitsi amene watumizidwa kwa Katunga, m'boma la Chikwawa, tsiku lina angathe kupemphedwa ndi komiti ya sukulu kuti asankhe gitala wa kwaya. Popeza ndalama zake zimakhala zosonkha makolo, tiyenera kudziŵa chimene chimasiyanitsa gitala wokwera mtengo ndi wotsika mtengo.

Nsambo payokha siimveka patali. Ikakhudzidwa imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumaloŵa m'thabwa la pamaso pa gitala, lomwe kuchindikala kwake kumakhala pafupifupi mamilimita 3. Thabwa limeneli ndilo limagwedeza mpweya kuti mawu atifike. M'chaka cha 1862 mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anatsimikiza mfundoyi popanga gitala wa msana ndi nthiti za mapepala omata, koma wa thabwa labwino pamaso, ndipo gitalayo analira bwino.

N'chifukwa chake amisiri amasankha mitengo yopepuka koma yolimba, monga spruce ndi cedar, kuti ikhale pamaso. Kumsana ndi m'nthiti amaikako rosewood kapena mahogany, ndipo mbaŵa yathu ndi ya banja la mahogany lomwelo. Mitengo yotere ikasoŵa, gitala amakwera mtengo, monga zinachitikira ndi rosewood wa ku Brazil, amene malonda ake pakati pa maiko analetsedwa mu 1992.

Magitala otsika mtengo amapangidwa ndi timatabwa topyapyala, kaŵirikaŵiri titatu, tomatidwa mopingasana ngati pulayiwudi. Guluu ndi kupingasanako zimachepetsa kunjenjemera, motero mawu amachepa mphamvu ndipo amazilala msanga. Komabe tisafulumire kunyoza gitala wotere. Thabwa lathunthu limafuna chinyezi cha pakati pa magawo 45 ndi 55 pa 100. M'chigwa cha Shire, kumene kutentha kwa Okutobala kumapyola madigiri 40, thabwa limauma ndi kufota, kenaka limatupa mvula ikayamba, mpaka kung'aluka. Thabwa lomata limapirira kusinthasintha kumeneku. Pa sukulu yopanda mosungira mwabwino, ndilo loyenera ndalama za makolo. Ndalama zikalola, tisankhe gitala wa thabwa lathunthu pamaso pokha, ndipo tizimusunga m'bokosi lake kutali ndi dzuŵa.

M'kalasi, mfundoyi tisangoilemba pa bolodi. Titenge kathabwa ka mlombwa ndi ka pulayiwudi tofanana kukula, tikagwire kalikonse ndi zala ziŵiri chapafupi ndi nsonga, n'kukagogoda. Ana atsinzine, anene kamene kakulira nthaŵi yaitali ndiponso chifukwa chake. Pambuyo pake tiwatume kukafunsa oimba bangwe ndi valimba m'midzi mwawo za mitengo imene amasankha ndi mmene amaiumitsira. Mayankho awo ndiwo tiyambire phunziro lotsatira.