Phunziro: Moto Wambiri, Nkhuni Zochepa

Anzathu a mu koperativa, nkhuni zatalikira. Amayi amadzuka mbandakucha kukwera phiri la Tumbine, nabwerera dzuwa lili pamutu. Ena amajomba nazo sukulu ya kwacha. Ndipo tonse tikudziwa za 1998, pamene dothi ndi miyala zinagumuka m'phirili ndi kupha anthu m'tauni ya Milange. Phiri likameteka, mizu yogwira nthaka imasowa.

Nanga nkhuni zathu zimathera kuti?

Yesani izi. Khalani chapatali ndi moto. Lawi silikukukhudzani, koma kumaso mukumva kutentha. Tchingani nkhope ndi lichero: kutenthako kwaleka. Chomwe lichero latchinga ndi kuwala kumene maso saona. Ophunzira amakutcha infrared. William Herschel anakutulukira ku England mu 1800, poyeza kutentha kwa mitundu ya kuwala kwa dzuwa. Anapeza kuti kupitirira pa kufiira, pomwe maso saona kanthu, ndi potenthabe.

Tsono pa mafuwa atatu kuwala kumeneku kumathawira mbali zonse. Kumatenthetsa miyendo ya wophika, khoma, ngakhale galu wogona pafupi. Mphepo nayo imakankha lawi. Mphika umangolandirako pang'ono.

Abale athu a ku Mulanje, kutsidya kwa Muloza, amaumba mbaula ya dongo yotchedwa Chitetezo. Dongolo limazinga moto. Limatchinga mphepo, limamwa kutentha, kenaka limakubwezera m'kati. Moto wotentha bwino umapsereza nkhuni, utsi nkuchepa. Timitengo tiwiri kapena titatu n'tokwanira kuyatsira. Osachita kulonga chikuni.

Apa alimife tili ndi mwayi. Mbaulayi imadya zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Nandolo timadzala kale m'chimanga. Amabwezera chonde, timadya, timagulitsa. Tikakolola tisatenthe mitengo yake m'munda. Timange mitolo, tiike pouma.

Koma tisanamizane. Utsi umachepa, suutheratu. Umalowabe m'chifuwa, makamaka cha mwana ali kumbuyo. Tiphikire panja, kapena m'khitchini ya mawindo. Nkhuni zikhale zouma. Mphika tivundikire. Nyemba tiziviike usiku.

Amayi odziwa kuumba miphika, dongo labwino mukulidziwa ndinu. Mbaula iume pamthunzi, osati padzuwa, ingang'ambike. Ikaumitsitsa ndiye iotchedwe. Loweruka tibwere ndi dongo, tikayese yoyamba.