MAGETSI OCHOKERA M'MATOPE

Ambirife tikamva za bakiteriya timangoganiza za kolera ndi chifuwa chachikulu. Koma lero, okondedwa awerengi, ndikufuna ndikuuzeni za tizilombo tina ta m'matope timene tingathe kuyatsa nyali.

Chamoyo chikamagaya chakudya chimatulutsa maelekitironi. Ife timawapereka kwa okosijeni amene timapuma. Pansi pa matope mulibe okosijeni, choncho tizilombo tina timakawatula pa dzimbiri la m'dothi. Mukatiikira kaboni, wonga kamtengo kakuda ka m'kati mwa batire la tochi, timawatula pamenepo. Kenaka mulumikize waya kuchoka pa kaboniyo kukafika pa kaboni wina amene ali pamwamba pofika mpweya. Maelekitironi adzayenda m'wayamo, ndipo magetsi ndi omwewo.

Nzeruyi ndi yakale. M. C. Potter wa ku Durham, ku England, adaonetsa mu 1911 kuti yisiti itha kupereka magetsi. Nanga bwanji mpaka pano sitiwerengera nyali zotere? Vuto lagona pa khomo lotulukira. Khungu la tizilombo tambiri sililola maelekitironi kudutsa. Poyamba akatswiri ankathira mankhwala monga methylene blue kuti azinyamula maelekitironi kupita nawo pa kaboni, koma mankhwala otere ndi odula, ena ndi apoizoni.

Zinthu zidasintha Derek Lovley atapeza kachilombo kotchedwa Geobacter m'matope a mtsinje wa Potomac ku America mu 1987. Kameneka sikafuna wotuma. Mu 2005 gulu lake lidalengeza kuti kali ndi tiulusi tonyamula magetsi ngati mawaya. Apa mpomwe ine ndimagoma, poti tizilomboti timaunjikana pa kaboni, ndipo ngakhale takutali timatumiza maelekitironi kudzera mwa tinzake.

Ntchito yatsala ndi yokonza kaboniyo. M'malo mwa kamtengo kosalala amagwiritsa ntchito kaboni wonga nsalu kapena burashi, kuti tizilombo tambiri tipeze pogwira.

Ndisakunamizeni, mphamvu yake ikadali yochepa. Batire limodzi lotere silifika ndi volt 1 yomwe, ndiye amalumikiza ambiri. Komabe mu 2017 akatswiri a ku Bristol adaika mabatire otere, odya mkodzo, pa sukulu ina ya atsikana ku Kisoro, m'dziko la Uganda. Magetsi ake ankawalitsa zimbudzi, kuti atsikana azipitako usiku mopanda mantha.