Voti ya mayi ndi yake: zimene lamulo likunena, ndi njira zimene imatayikira mwakachetechete

M'dziko la Moçambique palibe lamulo loletsa mayi kuponya voti. Mfundo 36 ya Malamulo Aakulu a Dziko ikunena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, pa ndale ndi pa zina zonse. Mfundo 73 ikuti voti ndi ya aliyense, yolemera mofanana, ndiponso yachinsinsi. Dzikoli lidavomerezanso pangano la maufulu a amayi a mu Africa lomwe lidakhazikitsidwa ku Maputo m'chaka cha 2003. Komabe m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, mayi angathe kutaya voti yake popanda wina kumuuza kuti usavote.

Vuto limayambira pa kalembera. Mabanja ambiri adabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 alibe mapepala, ndipo amayi ena mpaka lero alibe bilhete de identidade. Ena amabwerera panjira poganiza kuti popanda BI sangalembedwe, kapena poopa kunenedwa kuti ndi a ku Malawi chifukwa cholankhula Chichewa. Chilankhulo sichimchotsera munthu unzika. Nzika iliyonse ya zaka 18 ili ndi ufulu wolembetsa, ndipo wopanda chiphaso angathe kuchitiridwa umboni ndi anthu awiri olembetsa kale pamalo omwewo, kapena ndi mfumu ya m'deralo. Kulembetsa n'kwaulere.

Nthawi ndi mtunda nazonso zimatsekereza. Kalembera wa 2024 adachitika m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene ntchito ya kumunda ili pachimake. Makina akafa pamalo olembetsera, mayi amene wayenda ulendo wautali ndi mwana kumsana sangathe kubwereranso mawa lake. Ndi chifukwa chake kulembetsa masiku oyambirira n'kofunika.

Njira ina ndiyo kulandidwa cartão de eleitor. Mwamuna, mkulu wa m'mudzi kapena wa chipani amati akusungireni, kapena amalemba nambala yake polonjeza feteleza ndi mbewu. Chiphasocho ndi cha mwini wake yekha. Kuopseza munthu, kumunyenga kapena kumugula kuti avotere uje, kapena kuti asavote konse, ndi mlandu. Ndipo nambala ya chiphaso singaulule amene munthu wamuvotera, chifukwa pepala lovotera silikhala ndi dzina lake.

Pa tsiku la chisankho, malo ovotera amatsegulidwa 7 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo. Amayi oyembekezera, okalamba, odwala ndi olumala amayamba ndiwo kuvota. Amene adataya cartão koma dzina lake lili m'kaundula angathe kuvota poonetsa chiphaso china chokhala ndi chithunzi chake.

Kalembera wa anthu wa 2017 adapeza kuti pafupifupi theka la amayi sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Apa ndi pamene ena amalowerera ponena kuti tikuthandizeni. Lamulo lidakonza kale njira: wosadziwa kulemba amaviika chala mu inki n'kudinda m'kabokosi ka amene wamusankha, ali yekha m'kachipinda. Woperekezedwa ndi yekhayo wosaona, wodwala kapena wolumala moti sangathe kuvota yekha, ndipo womuperekeza amamusankha mwini wake.

Mayi akakanizidwa kuvota, kapena wina akamutsatira m'kachipinda, apereke dandaulo pomwepo kwa akuluakulu a mesa, ndipo aonetsetse kuti lalembedwa, nthumwi za zipani ndi oyang'anira chisankho akuona. Nkhani yotere imatha kupita ku khoti la boma, koma nthawi yake ndi yochepa: maola 48. Za kalembera, ofunsidwa ndi a STAE ndi a komiti ya zisankho ya pa boma. Dandaulo longokambidwa pachitsime silifika kukhoti.