Mphunzitsi amene anazengedwa mlandu cifukwa ca phunziro

Tiyerekeze kuti mwana wanu wabwera kucokera kusukulu. Akukuuzani kuti aphunzitsi anena zosiyana ndi zimene inu mumamva kuchalichi kapena kumzikiti. Mungatani? Mungapite kukawafunsa aphunzitsiwo, kapena mungangoti mwana aphunzire basi? Funso limeneli linagawanitsa anthu a ku Amereka m'caka ca 1925, mpaka nkhani inakafika kukhoti.

Yambani mwadziwa mmene dzikolo linalili. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, zinthu zinasintha mofulumira kwabasi. Kalembera wa 1920 anaonetsa kuti anthu a m'matauni aposa a kumidzi, zimene zinali zisanacitikepo. Caka comweco akazi analoledwa kuvota m'dziko lonselo. Magalimoto anaculuka, wailesi inalowa m'nyumba, atsikana a m'tauni anayamba kudula tsitsi ndi kuvina nyimbo za jazz. Makolo ambiri akumudzi ankaona ngati ana akuwapulumuka m'manja.

Nkhawa yaikulu inali pa sukulu. Ana ambiri tsopano ankafika kusekondale, kumene makolo awo sanapondeko. Kumeneko ankawerenga maganizo a Charles Darwin, wasayansi wa ku England. Iye anafotokoza kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri, ndiponso kuti anthu ndi anyani anacokera ku kholo limodzi lakalekale. Mumvetse bwino apa: sananene kuti nyani amene amaba cimanga canu ndi agogo anu ayi. Komabe Akhristu ambiri anaona kuti buku la Genesis lanyozedwa. Motero mu 1925 cigawo ca Tennessee cinaika lamulo loletsa sukulu za boma kuphunzitsa kuti munthu anacokera ku nyama.

Bungwe lina lomenyera ufulu wa anthu, lochedwa ACLU, linalengeza m'nyuzipepala kuti lidzathandiza mphunzitsi aliyense amene angazengedwe mlandu cifukwa ca lamuloli. Amalonda a m'katauni ka Dayton ataona zimenezi anati mwayi suposa apa. Malonda sankayenda bwino, ndiye anaganiza kuti mlandu wochuka ubweretsa alendo ndi ndalama. Anaitana John Scopes, mphunzitsi wa zaka 24 amene ankaphunzitsanso mpira, n'kumupempha kuti avomere kumangidwa. Iye anavomera. Coseketsa n'cakuti buku limene ankagwiritsa nchito m'kalasi linali lovomerezedwa ndi boma lomwelo.

Mlandu unayamba pa 10 Julho 1925. Kumbali ya boma kunali William Jennings Bryan, wandale amene anapikisanapo katatu pa mpando wa pulezidenti, osapambana. Kumbali ya Scopes kunali Clarence Darrow, loya wochuka wa ku Chicago amene sanali munthu wopemphera. Atolankhani anadzaza tauni, panja anthu akugulitsa zidole za anyani. Wailesi ina ya ku Chicago inaulutsa mlanduwo uli mkati, anthu akutali n'kumamvera ali m'nyumba zawo.

Anthu ambiri pofotokoza nkhaniyi amamuseka Bryan ngati mbuli. Ine ndikuona kuti n'kulakwa. Mfundo yake inali yakuti makolo ndi amene amapereka msonkho wolipirira aphunzitsi, conco ali ndi mawu pa zimene ana awo akuphunzira. Ankaopanso kuti anthu adzagwiritsa nchito dzina la Darwin ponena kuti wamphamvu ali ndi ufulu wopondereza wofooka. Mantha amenewa sanali acabe. Buku la sukulu lija linkaika mitundu ya anthu pamndandanda, azungu n'kuwaika pamwamba pa onse. Zimenezo zinali tsankho lovala malaya a sayansi.

Darrow naye anali ndi mfundo yolimba. Cinthu sicikhala coona kapena cabodza cifukwa cakuti anthu ambiri acivotera. Ngati lero boma laletsa phunziro ili, mawa lidzaletsa buku liti?

Tsiku lina kunatentha kwambiri ndipo anthu anadzadza m'khoti, moti woweruza anasamutsira mlandu panja, pansi pa mitengo. Pamenepo Darrow anacita cinthu cacilendo: anaitana Bryan yemweyo kuti akhale mboni pa nkhani za Baibulo. Anamufunsa za Yona ndi cinsomba, komanso kumene Kaini anapeza mkazi. Bryan anayankha molimba mtima. Koma atapanikizidwa, anavomera kuti masiku a cilengedwe mwina sanali a maola 24 ngati athuwa. Ena mwa omutsatira anakhumudwa nazo.

Pa 21 Julho, anthu osankhidwa kugamula mlanduwo anakambirana mphindi 9 zokha n'kupeza Scopes wolakwa. Analamulidwa kulipira madola 100. Patangopita masiku 5, Bryan anamwalira ali m'tulo ku Dayton komweko.

Mu 1927 khoti lalikulu la Tennessee linafafaniza cilango cija, cifukwa woweruza ndiye anachula ndalamazo m'malo mwa ogamula aja. Koma khotilo linagamula kuti lamulo lija linali lovomerezeka, ndipo linakhalapobe mpaka 1967. Osindikiza mabuku a sukulu, poopa kutaya malonda, anayamba kucepetsa kapena kucotseratu phunzirolo mwakacetecete. Scopes anasiya uphunzitsi, n'kukaphunzira za miyala ndi nthaka, kenako anagwira nchito m'makampani a mafuta.